Cabernet Sauvignon: Zonena Anthu ndi Zoona Zake

Ambiri amaganiza kuti vinyo wa Cabernet Sauvignon amafiira chifukwa madzi a mphesa zake ndi ofiira. Finyani mphesa imodzi muone: madzi ake ndi oyera. Kufiira konse kuli m'khungu. Opanga vinyo amasiya makoko m'madziwo pamene akuwira, ndipo m'menemo ndi momwe mtundu umalowa. Mphesazi ndi zing'onozing'ono koma za khungu lokhuthala, n'chifukwa chake vinyo wake amada bii, ndipo akakhala watsopano amaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Ena amati kuteroko ndiye kuti wawonongeka. Ayi ndithu, mphamvu yomweyo ndi imene imamusunga zaka zambiri m'botolo.

Kwa nthawi yaitali anthu ankakhulupirira kuti mpesawu ndi wakalekale, wa m'nthawi ya Aroma. Mu 1997 Carole Meredith ndi John Bowers a ku University of California, Davis, atapima DNA yake, anaonetsa kuti ndi mwana wa Cabernet Franc ndi Sauvignon Blanc. Tamvani bwino: kholo limodzi la mphesa yakuda chonchi ndi mphesa yoyera! Akatswiri amati mitundu iwiriyi inakumana mwangozi m'minda ya kumwera chakumadzulo kwa France, cha m'zaka za m'ma 1600. Ine nkhani imeneyi imandikometsera vinyoyu kuposa nthano ya Aroma.

Palinso oti Cabernet weniweni ndi wa ku Bordeaux basi. N'zoona kuti kwawo ndi kumeneko, pa dothi lamiyala la ku Médoc, komatu ngakhale kumeneko kawirikawiri amamusakaniza ndi vinyo wa Merlot kuti afewe. Ndipo mu 1976, pa mpikisano wolawa vinyo ku Paris, oweruza achifalansa, osaona mayina a mabotolo, anapereka malo oyamba pa vinyo wofiira kwa Cabernet wa Stag's Leap Wine Cellars wa ku California. Lero mpesawu ukuchita bwino ku Chile, ku Australia, ndi ku Stellenbosch, ku South Africa.

Zoti botolo lililonse likakalamba limakoma ndi bodza. Otsika mtengo ambiri anapangidwa kuti amwedwe msanga. Zoti vinyo wofiira amawonjezera magazi nazonso musazimvere. Wochepa magazi apite kuchipatala. Amene mumamwa, musaike vinyoyu padzuwa kapena kumuzizitsa kwambiri: madigiri 16 mpaka 18 ndi okwana, ndipo amakoma pambali pa nyama yang'ombe yootcha, poti mafuta ake amachepetsa kuuma kwa m'kamwa kuja.