Masheya a pa Mungwi Road

Anthu a ku Matero ndi ku George amaudziwa Mungwi Road ngati msewu wa malole, fumbi ndi fungo la chimera. Ndi ochepa amene amadziwa kuti kampani ya Zambian Breweries, imene imafulula mowa wa Mosi kuseri kwa mpanda pamsewupo, ili ndi masheya amene munthu wamba angathe kugula pa Lusaka Securities Exchange. Chimodzimodzinso fakitale ya nsapato ya Bata pa Mukwa Road, ndi Zambeef, yomwe likulu lake lili pa Manda Road.

Msika wa masheyawu unatsegulidwa mu February 1994, nthawi ya Frederick Chiluba, boma lili kalikiliki kugulitsa makampani ake. Chilanga Cement ndiyo inayamba kulowapo mu 1995. Mpaka lero makampani ake angopitirira pang'ono 20, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa.

Komabe achinyamata ophunzira za msika umenewu akuchuluka. Ku University of Zambia, ku University of Lusaka ndi ku ZCAS kuli makalasi a digiri yachiwiri ya zachuma, ndipo ambiri mwa ophunzirawo ndi anthu apantchito, oloweza mabuku akaweruka. Ena amawonjezera mayeso a CFA, aja a magawo atatu ochokera ku America. Amaphunzira kuyeza mtengo weniweni wa kampani, chifukwa chimene bondi imatsikira mtengo chiwongoladzanja chikakwera, ndi njira zotetezera kampani ndalama ya dziko ikagwa. Chodandaulitsa n'chakuti zitsanzo za m'mabuku awo zambiri ndi za ku New York ndi London, pamene phunziro lokoma lili pakhomo pomwepa.

Tatengani Zambeef. Inalowa pa msika wa Lusaka mu 2003, kenako pa msika wa AIM ku London mu 2011. Nyama, mkaka ndi nkhuku imagulitsa m'makwacha, koma ngongole zake zina zinali za madola. Mu 2015 kwacha inagwa chagada: chaka chikuyamba dola inali pa K6 ndi kanthu, chisanathe inali itadutsa K12. Ganizirani mkulu wosunga chuma wa kampani yotere. Mabutchala akugulitsa monga mwa masiku onse, ng'ombe sizinafe, koma ngongole ya madola ija, akaiwerengera m'makwacha, yawirikiza yokha ali mtulo. Akweze mtengo wa soseji? Mayi wa ku Chawama athawira ku kapenta. Mu 2016 bungwe la CDC la ku Britain linaikamo madola 65 miliyoni posinthana ndi masheya, kampani n'kupepukidwa ku ngongole. Wophunzira amene angafotokoze bwino chifukwa chake masheya anali abwino kuposa ngongole ina yatsopano, ameneyo digiri yake yamupindulira.

Boma nalo linagwa m'mbuna yomweyo. Linakongola madola 750 miliyoni mu 2012, 1 biliyoni mu 2014 ndi 1.25 biliyoni mu 2015 kudzera m'ma Eurobond. Mu November 2020 linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, ndipo mgwirizano ndi eni mabondiwo unadzatheka mu 2024. Zaka zonsezo mafakitale ogula zipangizo kunja ankalira ndi dola, ndipo fakitale ikalira, woyamba kubwezedwa pageti ndi wa pisiweki.

Wantchito wolembedwa ali kale m'msika wa masheya ngakhale sanaonepo broka wogulitsa masheyawo. Mwezi uliwonse bungwe la penshoni la NAPSA limadula 5 peresenti pa malipiro ake, bwana n'kuwonjezerapo 5 ina, ndipo ndalamazo zimakagula mabondi a boma, masheya ndi nyumba. Osankha kokaziika ndi omwe aja a madigiri. Boma litalola mu April 2023 kuti munthu atapeko 20 peresenti ya zimene anasonkha, mizere inali yosaona kumapeto. Sindiwanena. Munthu amene kaloba wamukhala pakhosi sangadikire kufika zaka 60.

Za ndalama anthu a m'makomboni sachita kuphunzitsidwa. Amayi a chilimba ku Kanyama amadziwa amene angalandire koyamba ndi amene ayenera kukhala wotsiriza chifukwa mbiri yake ndi yokayikitsa, ndipo a village banking amawerengera chiwongoladzanja m'kope popanda kulakwitsa ngwee. Chimene sichinawafike ndi uthenga wakuti Bank of Zambia imagulitsa mabondi a boma kuyambira pa K1,000 yokha, ndalama imene gulu limodzi limasonkha tsiku limodzi lokumana. Pamafunika akaunti ya ku banki, chitupa cha NRC ndi mafomu a m'Chingerezi, ndipo maofesi a mabroka ali m'tauni ndi kumayadi. Wotuluka shifiti pa Mukwa Road madzulo amapeza onsewo atatseka.