Fisi Wodyera M'manja, Galu Wovala Maluwa: Zodabwitsa 6 za Anthu ndi Nyama

Kwathu kuno nyama iliyonse ili ndi malo ake. Galu ndi wapanja, nkhuku ndi ya mlendo, fisi ndi wothawa. Timakula tikuyesa kuti dziko lonse limatero, koma ayi ndithu.

1. Ku Harar afisi amadyera m'manja mwa munthu. Mzinda wakalewu, kum'mawa kwa Ethiopia, ndi wozingidwa ndi linga, ndipo m'lingamo muli mabowo amene afisi amalowera usiku kudzatola zotsala m'misika. Kunja kwa lingalo kuli amuna amene dzuwa likalowa amaitana afisi, aliyense ndi dzina lake, n'kumawapatsa nyama pakamtengo kakafupi, nthawi zina kamtengoko atakaluma ndi mano. Eni mzinda amati afisi amadya ziwanda. Kwathu munthu wotere kukanacha mudzi wonse utamutcha mfiti.

2. Kusunga mbira imodzi yokha ndi mlandu ku Switzerland. Lamulo la mu 2008 limati mbira imasungulumwa, choncho woweta azikhala ndi ziwiri kapena kuposerapo. Koma kumapiri a Andes ku Peru, mbira zimathamangathamanga m'khitchini pafupi ndi moto, zikudya udzu ndi makoko a mbatata, kudikira tsiku laphwando. Apa ife tili mbali ya a ku Peru, poti nafenso timaziweta kuti zikhale ndiwo.

3. Ayao a ku Niassa amayankhulana ndi mbalame yakutchire. Nkhani iyi ndiyo imandigwira mtima koposa, ndipo ikuchitika pafupi pompa, kutsidya kwa nyanja ku Mozambique. Mbalameyi, nsadzu, imadziwa mitengo imene muli njuchi ndipo imadya phula, koma ilibe nkhwangwa kapena moto. Munthu ali nazo zonsezi, koma sadziwa kolowera. Wofula uchi akamayenda m'tchire amaitana ndi kamvekedwe kakuti “brrr-hm”, kamene anaphunzira kwa atate ake. Mbalameyo imabwera ikulira, n'kumauluka mtengo ndi mtengo mpaka pamphako. Munthu amafukiza utsi, kudula mtengo, kutenga uchi, n'kusiyira mnzakeyo zisa. Kafukufuku wa Claire Spottiswoode ndi anzake, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti kuitanaku kumakweza mwayi wotsogoleredwa ndi nsadzu kuchoka pa 33 kufika pa 66 pa 100 alionse. Palibe anaiweta mbalameyi, palibenso anaiphunzitsa m'khola. Ahadza a ku Tanzania amaiitana ndi likhweru, ndipo ena mwa iwo amabisa kapena kutentha zisa kuti ikhalebe ndi njala, iwalondolerenso pena. Akuluakulu ambiri kumwera kuno sangavomere zimenezo: amati ukaimana, ulendo wina idzakufikitsa pa njoka.

4. Mnyamata wa Chidinka amatchedwa dzina la ng'ombe yake. Ku South Sudan, pakati pa Adinka ndi Anuer, mnyamata akakula amapatsidwa ng'ombe yamphongo yothena. Amatenga dzina kuchokera ku maonekedwe a ubweya wake, amaipinda nyanga ikadali yaing'ono, ndipo amaipekera nyimbo zoitamanda. Anansi awo, Amundari, amapaka ng'ombe zawo phulusa la ndowe ndi manja, thupi lonse, kuti ntchentche ndi udzudzu zisazivute. Kwa Anuer kupha ng'ombe chifukwa cha nkhuli yokha, popanda mwambo, n'kulakwa.

5. Apusi ali ndi manda awo ku Ghana. M'midzi ya Boabeng ndi Fiema apusi amatengedwa ngati ana a mizimu ya kumeneko. Amalowa mpaka pakhomo kudzatsomphola chakudya, koma kuwapha n'koletsedwa. Wina akafa amaikidwa m'kabokosi, wansembe wamakolo n'kuchita mwambo wa maliro. Mlimi amene anachezerapo dzuwa lonse m'munda kuingitsa anyani pachimanga sangazimve msanga.

6. Ku Nepal agalu ali ndi tsiku lawo lachikondwerero. Pa Kukur Tihar, limodzi mwa masiku asanu a chikondwerero cha Tihar, galu amavekedwa nkhata ya maluwa m'khosi, kupakidwa kadontho kofiira pamphumi, ndi kupatsidwa nyama, mkaka ndi mazira. Ngakhale wopanda mwini, wogona mumsewu, amalandira nawo. Ahindu amati galu ndi mthenga wa Yama, mulungu wa imfa.

Galu wa kumudzi kwathu amalonda nyumba usiku wonse, amapita kosaka, koma malipiro ake ndi mkute ngati watsala, ndiponso mwala akayandikira mbale. Maluwa sindikumupemphera. Chimandiwawa n'chakuti agalu ambiri sabayitsidwa ngakhale katemera wa chiwewe, matenda amene bungwe la WHO limati amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ochuluka mwa iwo atalumidwa ndi galu, kuphatikizapo ana ambiri. Agalu 70 pa 100 alionse akabayidwa, chiwewe chimaleka kufala m'deralo. Umenewu ndiwo mlingo umene bungwe la Mission Rabies lakhala likutsata ku Blantyre kuyambira 2015.