Mapasa Aŵiri, Mitundu Iŵiri

Kuno ku Thyolo, pakati pa Alomwe ndi Amang'anja, mwana amaŵerengedwa kuchikazi. Mwambo wakale wa Ayuda ndi womwewo: Myuda ndi iye wobadwa kwa mai Wachiyuda. Nanga tinene chiyani za Jack Yufe ndi Oskar Stöhr, mapasa ofanana kotheratu?

Anaŵa anabadwira ku Trinidad m'chaka cha 1933, bambo wao Myuda, mai wao Mjeremani wa Chikatolika. Ukwati unatha iwo ali ndi miyezi 6. Oskar anapita ndi mai ake ku Germany, nakulira m'manja mwa agogo ake. Jack anatsala ndi bambo.

Potsata mwambo uja, palibe mwa aŵiriwo amene anali Myuda. Koma malamulo a Hitler a 1935 ankaŵerenga agogo a mbali zonse, kotero Oskar anakula akubisa mtundu wa bambo ake, mpaka kuloŵa gulu la achinyamata la Hitler. Jack, woleredwa m'Chiyuda, anadzakhala msilikali wa pamadzi ku Israel.

Atakumana ku Germany mu 1954, Oskar anachenjeza mbale wake kuti asatchule za Chiyuda pakhomopo. Pamenepa mpoŵaŵa, pakuti nkhope imene ankaichenjezayo inali yake yomwe.

Mu 1979 anakumananso ku Minnesota pa kafukufuku wa Thomas Bouchard, onse atasunga ndevu zapamlomo, atavala magalasi ndi malaya ofanana. Aliyense ankaŵerenga magazini kuyambira kumapeto, nkumayetsemula dala mokweza kuti adzidzimutse anthu. Oskar anamwalira mu 1997, Jack mu 2015.