Alendo Omera M'mipanda Yathu: Ena Ndi Ndiwo, Ena Ndi Chiphe

Munthu woyenda pa msewu wochokera mu mzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji m'mwezi wa Meyi amaona maluwa achikasu ali mbwee m'mbali mwa msewu, kuyambira pa Mpingu mpaka pa Namitete. Ameneyo ndi deliya. Ambiri a ife timayesa kuti deliya ndi chomera cha makolo athu, koma kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Anthu anamutenga ngati duwa lokongoletsa pabwalo, ndipo patapita nthawi iye anadumpha mpanda nayamba kudzimerera yekha m'thengo.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo a mtundu uwu sakamuka ayi. Chisoso ndi mwamuna aligone, ndiwo zimene amayi amathyola m'munda nthawi ya dzinja, nazonso zinachokera ku America. Ngakhale chimanga ndi fodya amene alimi a ku Nsaru ndi ku Kabudula amadalira kwawo ndi komweko. Deliya yemwe uja ali ndi ntchito yake, popeza masamba ake amawola msanga ndi kusanduka manyowa. Tsono sitikudana ndi mlendo aliyense. Koma pali zomera zitatu zimene kholo lililonse liyenera kuzidziwa bwino, chifukwa zimamera pomwe ana athu amasewera.

Msatsimanga

Mtengo uwu, umene alangizi ena amautcha jatrofa, unachokera ku Central America, ndipo amalinyero Achipwitikizi ndiwo anaufalitsa m'maiko a Africa ndi Asia. Anthu amaukonda pa mpanda pa zifukwa ziwiri: nthambi yake mukangoizika m'nthaka yonyowa imaphuka, ndiponso mbuzi ndi ng'ombe siziudya. Cha m'ma 2006 ndi zaka zotsatira alimi ambiri a m'chigawo chapakati analimbikitsidwa kuubzala m'malire a minda, kuti njere zake zizigulidwa ndi kufinyidwa mafuta oyendetsera injini. Mitengo yobzalidwa masiku amenewo siinapite kulikonse. Imaberekabe chaka ndi chaka, kaya wogula alipo kaya palibe, ndipo njere zogwa pansi zimameranso.

Chipatso chake chimayamba chobiriwira, kenaka chachikasu, ndipo chikauma chimada. M'kati mwake mumakhala njere zitatu zakuda. Mwana akaswa njereyo amapeza choyera chonona, chokoma ngati mtedza. Ngozi yake yagona pamenepa. Chiphe chowawa mwana amalavula yekha, koma ichi sichimuchenjeza. Amadya, naitana anzake.

Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a njereyi ndi mafuta, ndipo m'mafutamo muli poizoni wotentha matumbo. Pakapita theka la ola kapena maola awiri mwana amayamba kumva kupotokola m'mimba, kusanza kosalekeza, ndi kutsekula m'mimba kwa madzi okhaokha. Njere zochepa chabe ndi zokwanira kudwalitsa mwana wamng'ono. Chimene chimaika moyo wake pangozi ndi kutha kwa madzi m'thupi: maso amalowa m'kati, m'kamwa mumauma, mwana amaleka kukodza ndipo amalefuka.

Mukazindikira kuti mwana wadya njerezi, musamupise chala kukhosi kuti asanze, ndipo musamumwetse mafuta ophikira kapena mankhwala azitsamba. Mupatseni madzi a Thanzi pang'onopang'ono, kamwe kamwe, ngakhale akusanza. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi ozizira. Mukatero nyamukani kupita ku chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula, ku Nsaru kapena ku Nambuma, uku mukumumwetsabe panjira. Tengani chipatso chimodzi kapena kanthambi kuti adokotala aone. Musaiwale kufunsa mwanayo kuti anali ndi yani podya, popeza ana sadya okha zinthu zotere. Mwina nyumba yoyandikana nayo ilinso ndi wodwala amene makolo ake akuyesa kuti ndi kolera kapena malungo. Ana ambiri amene alandira madzi msanga amachira tsiku limodzi kapena awiri.

Mawu awiri kwa akuluakulu. Kukazinga njerezi sikuchotsa poizoni wake. Ndipo iwo amene amatafuna njere imodzi kapena ziwiri pofuna kutsuka m'mimba akusewera ndi moto, chifukwa palibe angadziwe muyeso wake.

Sitikunena kuti mipanda yonse ya msatsimanga igwetsedwe, pakuti imateteza madimba ku ziweto. Koma mtengo uwu suyenera kukhala pa sukulu ya mkaka, pa mjigo, kapena pa bwalo la sukulu ya pulayimale. Kumudzi, thyolani zipatso zisanagwe pansi ndi kuzisunga kumene ana sangafike.

Chitsamba cha duwa longa lipenga

Chachiwiri ndi chitsamba chimene akatswiri a zomera amachitcha Datura. Nachonso kwawo ndi ku America. Chimakonda nthaka yonona: pa dzala, pa khola lakale la ng'ombe, kuseri kwa misika ndi magolosale. Chimatalika mpaka m'chiuno mwa munthu wamkulu kapena kupitirira. Masamba ake amanunkha mukawafikisa, duwa lake ndi loyera kapena lofiirira pang'ono, lalitali ngati lipenga, ndipo chipatso chake ndi chaminga, chachikulu ngati dzira la nkhuku. Chikauma chimang'ambika panayi ndi kutaya njere zakuda zambirimbiri.

Chomera chonsecho ndi chiphe, ndipo kuphika sikuthandiza. Chimalowa m'nyumba m'njira ziwiri. Pamene chili chanthete chimamera pamodzi ndi bonongwe, kotero kuti mwana wotumidwa kukathyola ndiwo madzulo angathe kuzisakaniza. Njira ina ndi pokolola: njere zake zimagwera mu soya kapena mu mapira popuntha. M'chaka cha 2019 ku Karamoja m'dziko la Uganda anthu pafupifupi 300 anadwala ndipo asanu anamwalira atadya phala la ufa wa chimanga ndi soya umene munali poizoni wa chitsamba chimenechi. Alimi a soya asachilole kuti chibereke m'munda.

Wodya Datura amauma m'kamwa, khungu limatentha koma satuluka thukuta, mwana wa diso amakula, ndipo mtima umathamanga. Kenaka amabwebweta, kugwira zinthu zosaoneka, mwina kuvula zovala ndi kuthawa. Poona zotere abale ambiri amaganiza za ufiti kapena misala, nataya maola ofunika akufunafuna amene wamulodza. Ngati anthu awiri kapena atatu odyera mbale imodzi ayamba kubwebweta nthawi imodzi, ganizani za ndiwo zimene adya. Wodwalayo musamumange kapena kumumenya. Mutalikitseni ndi moto ndi chitsime, mupukuteni ndi nsalu yonyowa, musamukakamize kumwa kanthu ngati sakuzindikira, ndipo mufulumire naye ku chipatala pamodzi ndi ndiwo zotsalazo.

Lantana

Wachitatu ndi lantana, duwa la m'mabwalo a m'tauni limene tsopano ladzaza m'malire a minda ndi m'mbali mwa mitsinje. Timaluwa take timakhala pamodzi, tachikasu, tofiira ndi tapinki, ndipo thunthu lake lili ndi timinga. Mbalame ndizo zimafesa njere zake. Zipatso zake zosapsa, zobiriwira zija, zimadwalitsa ana, ndipo ng'ombe yodya masamba ake imaonongeka chiwindi, imachita chikasu, ndi kusupuka khungu ikakhala padzuwa. Mlendo wochokera ku tauni akakupatsani nthambi yake kuti mukongoletse pakhomo, thokozani koma musaizike.

Kudula lantana pamwamba n'kungoidzutsa, popeza chitsa chimaphukanso. Ifunika kuikumba ndi mizu yomwe. Nthawi yabwino ya ntchitoyi, kudzanso yozula Datura, ndi miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nthaka ili yofewa ndipo Datura sanaumitse zipatso. Valani jumbo m'manja, kwirirani zozulazo m'dzenje lakuya, ndipo sambani ndi sopo musanagwire chakudya. Ngati mukukayika za chomera china chimene chamera pakhomo panu, thyolani kanthambi, kukulungani m'pepala, ndi kukaonetsa mlangizi wa zaumoyo tsiku la sikelo ya ana.