Mphunzitsi wa Makomiti Asanu

M'midzi yambiri mphunzitsi wamkulu ndiye amadziwika kuti ngodziwa kulemba kalata ndi kusunga chuma. Motero komiti iliyonse ikamafuna mlembi, maso onse amagwera pa iye: ya sukulu, ya chitukuko, ya mjigo, ya mpira, ngakhale ya zamaliro. Poopa kuoneka wodzikuza, iye amavomera zonse. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Koma pano wogwa chagada si mphunzitsiyo ayi, ndi mwana wa Sitandade 8 amene makope ake atha milungu itatu osachongedwa, mayeso ali pakhomo.

Vutoli lidakula mu 1994 pamene maphunziro a pulayimale adasanduka aulere, ana nachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ntchito idachuluka, koma tsiku silidatalike.

Nanga misonkhano yodya nthawiyo ipindulanji? Mu 1957 wolemba mabuku wa ku Britain, C. Northcote Parkinson, adapereka fanizo la komiti imene idavomereza mwachangu ntchito yaikulu ya mphamvu za atomiki, nkuyamba kulimbana kwa nthawi yaitali za kashedi kosungiramo njinga. Amene adakhalapo pa misonkhano ya kwathu kuno sangadabwe nazo.

Tsono tikupempha anzathu a m'sukulu ndi m'maofesi kuti nthawi ya m'mawa ikhale ya ntchito imene adalembedwera. Mukapatsidwa mpando wachitatu, thokozani mwaulemu, nimutchule dzina la wina. M'mudzi momwemo muli achinyamata otsiriza Fomu 4 amene angathe kulemba maminitsi bwinobwino.