NDUDU M'CIPINDA COGONA

Mu March 2006 sitima yapamadzi yonyamula alendo, Star Princess, inagwira moto usiku pafupi ndi Jamaica, ndipo munthu mmodzi anafa. Ofufuza anaganizira ndudu yotayidwa isanazime. Mu 2012 eni sitimayo analetsa kukoka fodya m'zipinda zogona, ndipo makampani ena aletsanso ndudu zamagetsi.

Kuno kwathu lamulo la 2008 liletsa fodya pamalo osonkhana anthu. Koma inu amene munacezako kwa abale ku Chawama mudziwa cipinda ca lendi: bambo, mai ndi ana agona pamodzi, matiresi pansi, botolo la parafini pambali. M'menemo wapolisi salowamo. Wotsala kudzudzula bambo ndi mai yekha, amene kawirikawiri angokhala cete poopa ndeu.