Nzimbe ya mu thanki ya galimoto: mlimi apindulanji?

Petulo amene minibasi za Limbe ndi njinga zamoto za kabaza zimamwetsa ku Kanjedza si wochokera kunja yense. Mbali ina ndi ethanol, mafuta ochokera ku nzimbe, amene Malawi inayamba kusakaniza ndi petulo mu 1982, pomwe kampani ya EthCo inatsegula fakitale ku Dwangwa. PressCane ya ku Chikwawa inatsatira mu 2004. Lamulo, lomwe amaliyang'anira ndi a MERA, limafuna malita 20 a ethanol pa malita 100 aliwonse, ngakhale kuti amene amapangidwa nthawi zambiri sakwanira mlingowu.

Mafutawa amachokera ku molasses, madzi akuda onata otsala pophika shuga ku mafakitale a Illovo ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Amawasasitsa ndi yisiti kenako n'kuwatcheza, monga momwe amatchezera kachasu. Ubwino wake pa nyengo ndi woti mpweya wa carbon dioxide umene umatuluka galimoto ikamayenda ndi womwe nzimbe inayamwa mumlengalenga pomwe inkakula. Petulo wamba amatulutsa mpweya umene unakwiririka pansi kalekale.

Komatu nkhani siithera pamenepo, chifukwa munda nawo umatulutsa mpweya wotenthetsa dziko. Feteleza wa urea akachuluka m'nthaka yonyowa amatulutsa nitrous oxide, mpweya umene umasunga kutentha koposa ka 250 poyerekeza ndi carbon dioxide. Kutentha nzimbe isanadulidwe kumawononga masamba amene akanaphimba nthaka, kusunga chinyezi ndi kusanduka manyowa, ndipo utsi wake umavutitsa anthu odwala mphumu. Makina a dizilo opopera madzi amawonjezera gawo lawo. Choncho malita awiri a ethanol atha kufanana mu thanki koma n'kusiyana kutali pa zomwe awononga kumunda.

Dziko la Brazil linaona zimenezi. Lamulo lake la RenovaBio la mu 2017 limawerengera mpweya kuyambira kumunda mpaka ku fakitale. Pa tani iliyonse ya mpweya yomwe yapewedwa, fakitale imalandira chiphaso, ndipo makampani ogulitsa petulo ndi dizilo amakakamizidwa kugula ziphasozo. Nzimbe yolimidwa mosamala imabweretsa ziphaso zambiri.

Kuno mlimi amalipidwa potengera kulemera kwa nzimbe ndi kuchuluka kwa shuga wake basi. Wothira feteleza mwa mlingo, wosiya masamba m'munda, amalandira mofanana ndi mnzake wosalabadira. Chipsinjo china n'choti ethanol wathu amachokera ku zotsalira, ndiye pakati pa mlimi ndi pampu pali makampani angapo.

Njira yolipirira mlimi ndalama yapamwamba ilipo kale: alimi a Kasinthula ndi Phata ku Chikwawa amalandira ndalama yoonjezera ya Fairtrade akatsata malamulo a kalimidwe, ndipo pamabwera anthu odzayendera minda. Lamulo la mafuta lokha ndilo likuwerengabe malita osafunsa momwe nzimbe yalimidwira.